Gule wa nkhalamba amene anandikhazika pansi ku Salvador

Kuyambira ndili ku sekondale, gulu lililonse la zisudzo lomwe ndalowa, gawo la nkhalamba limagwera ine. Mukudziwa mmene timachitira: choko kapena ufa kumutu, jekete la pakaunjika lothothoka mabatani, ndodo m'manja, miyendo njenjenje, kutsokomola pang'ono, kenaka kukalipira mwana wa eni. Anthu amafa ndi phwete, iwe n'kutsika pansanja ukudzimva ukatswiri.

Kenaka unandigwera mwayi wopita ku Salvador, likulu la dera la Bahia ku Brazil, kukachita nawo maphunziro a ovina ndi a zisudzo. Tinaphunzirako magule othamanga, ozungulira, ena oti pomaliza malaya n'ngofinya. Koma amene wandikakamira mpaka lero ndi gule wa nkhalamba, wochedwa kuposa onse. Ndi yekhayo amene anandikhazika pansi ng'oma zisanaleke.

## Chipinda cha ku Pelourinho

Tinkaphunzirira m'chipinda cham'mwamba cha nyumba ina yakalekale ku Pelourinho, dera la misewu ya miyala komwe alendo onse amathamangira. Pansi pamatabwa, mawindo otsegula, chitungu cha m'mphepete mwa nyanja. Wailesi kapena sipika munalibe. Pakona panakhala amuna atatu ndi ng'oma zawo zitalizitali, pambali pawo mnyamata atagwira kabelu kachitsulo ka milomo iwiri. Aphunzitsi anali mayi achikulire ndithu, opanda nsapato, osawerengera masitepe ngati mmene amachitira ena. Ankangotchula dzina la orixá, ng'oma n'kusintha, ife n'kumawatsata pambuyo m'mizere.

Ma orixá ndi mizimu ikuluikulu ya chipembedzo cha Candomblé, yomwe inawoloka nyanja pamodzi ndi Ayoruba ogwidwa ukapolo. Aliyense ali ndi mtundu wake wa nsalu, chakudya chake, chida chake, kaimbidwe kake ka ng'oma, komanso khalidwe lake. Khalidwelo ndilo limakoka ife a zisudzo. Ogum ndi mwini chitsulo ndi nkhondo, amalambula njira. Xangô ndi mfumu ya mphenzi yoweruza milandu, nkhwangwa yake yakuthwa uku ndi uku. Oxum ndi wa madzi a mumtsinje, wokonda golide ndi kalilole. Ndipo musaganize kuti ndi angelo opanda banga. M'nthano zawo amachitirana nsanje, amapusitsana, amalandana akazi, amapsa mtima n'kudzanong'oneza bondo pambuyo. Wolemba sewero angafunenso chiyani?

Chomwe chinanditsegula maso msanga ndi mafunso a mayi aja. Tikuvina Ogum, manja akutema mphepo uku ndi uku, anaima patsogolo pa mtsikana wina wa ku Ulaya amene ankavina mokongola kutiposa tonse. Anamufunsa kudzera mwa womasulira: "Ukutema chiyani, mwanangu? Udzu kapena mtengo?" Mtsikanayo anangoti kakasi. "Ngati iwe sukudziwa, dzanja lakonso silidziwa."

Pa Oxum zinali chimodzimodzi. Chikhatho chimodzi ndicho kalilole, dzanja linalo likusamba, likutsuka zibangili m'madzi. Amunafe manyazi ankatigwira, n'kumangogwedeza mapewa kuti nyimbo ithe. Iwo anatifunsa kuti m'kalilolemo tikuona ndani, nkhope yathu kapena mdani amene akutizembera kumbuyo. Uyankhe chilichonse, khosi ndi maso zimasintha pomwepo. Pakhomo analemba kuti ndi kalasi ya gule, koma imene inkachitika mkatimo inali ntchito ya zisudzo yeniyeni. Palibe mkono umene umakwera kungofuna kukongola. Ukutema, ukukoka uta wa mlenje Oxóssi, kapena ukupirikitsa mizimu ya akufa ndi mchira wa hatchi monga amachitira Iansã, mayi wa mphepo yamkuntho.

Anzanga ena m'kalasimo ankaganiza kuti poti ndine wa ku Africa, zonsezi zili kale m'magazi. Ayi ndithu. Anthu a mbali yathu ino anapitadi ku Brazil, ogulitsidwa kudzera pa madoko a Quelimane ndi Ilha de Moçambique m'zaka za m'ma 1800, ambiri n'kukatsikira ku Rio de Janeiro komwe ankangowatcha onse kuti a Moçambique. Koma ma orixá kwawo ndi ku Nigeria ndi Benin wa lero, nyimbo zake n'za Chiyoruba, ndipo kavinidwe kake kanakhwimira ku Bahia komweko. Ndinali mlendo ngati mtsikana wa ku Ulaya uja.

## Ng'oma yomwe imakuyang'ana

Ng'oma zitatu zija zili ndi mayina: yaikulu ndi rum, yapakati rumpi, yaing'ono lé. Kabelu kaja ndi agogô, ndipo ndiko kamasunga nthawi ya onse. Ziwiri zazing'onozo zimangobwereza kaimbidwe kamodzi. Yaikuluyo ndiyo imayankhula ndi wovina. Amene anakulira pafupi ndi bwalo la Gule Wamkulu amva msanga akakumbukira ntchito ya mbalule.

Woimba rum sayang'ana ng'oma yake. Maso ake amakhala pa mapazi ako. Ukatembenuka amakuvomereza, ukachedwa amakukumbutsa, ukayamba matama amakusiya wekha, ndipo chipinda chonse chimamva kuti wasiyidwa. Ijexá wa Oxum amamuimba ndi manja, mofewa. Alujá wa Xangô amamuimba ndi timitengo, ndipo amathamanga moti mtima umagunda kukhosi.

Matenda athu aakulu pansanja ndi kusamvetsera. Timaloweza mawu, ndiye mnzathu akamayankhula ife timangodikira kuti amalize tiponye athu. Pamaso pa rum khalidwe limenelo silikhalitsa, chifukwa sudziwa chomwe ayankhe mpaka atayankha.

## Lachisanu la Oxalufã

Linali Lachisanu, tsiku lomwe anthu ambiri mu Salvador amavala zoyera polemekeza Oxalá, orixá wamkulu amene amatengedwa ngati tate wa ena onse. Mayi aja anatikhazika pansi n'kunena kuti lero tiyamba ndi nthano.

Oxalufã, yemwe ndi Oxalá atakalamba, anaganiza zokacheza kwa Xangô ku mzinda wake wa Oyó. Woombeza anamuletsa. Atakakamira, anamuuza kuti atenge zovala zoyera zosinthira, ndipo chilichonse chimene chimugwere panjira asadandaule. Panjirapo Exu, orixá wamthenga wodziwika ndi ukathyali, anamupusitsa katatu, kumupempha kuti amusenzetse katundu n'kumukhuthulira mafuta ofiira a kanjedza, makala ndi zina zodetsa. Mkuluyo osatulutsa liwu, kungosamba mumtsinje n'kusintha zovala. Atayandikira mzinda anapeza hatchi ya Xangô yomwe inasochera, n'kuigwira kuti akaibweze. Asilikali a mfumu atamuona anati wakuba ndi ameneyu. Anamumenya n'kumuponya m'ndende, momwe anakhala zaka 7 osaulula kuti iye ndani. Mvula inaleka, akazi analeka kubala, mpaka Xangô atafufuza anapeza kuti m'ndende mwake muli nkhalamba yosalakwa. Anthu onse anavala zoyera n'kukatunga madzi mwakachetechete kudzamusambitsa. Mwambo wa madzi a Oxalá, umene nyumba za Candomblé zimachita chaka ndi chaka, umakumbukira zimenezi.

"Tsopano imirirani," anatero. "Munthu ameneyu ndiye mukumuvina. Si wodwala nyamakazi. Ndi mfumu yomwe inamenyedwa n'kukhala chete."

Ng'oma zinayamba igbin, kaimbidwe kochedwa kotchedwa ndi dzina la nkhono. Mawondo opinda, msana wowerama kuyambira m'chiuno, manja pa ndodo yosaoneka, phazi likukhweereka pansi osanyamuka. Thupi langa linathamangira zomwe linazolowera: dzanja linayamba kunjenjemera, mutu kugwedera, mlomo kupotoka. Mayiwo anabwera n'kugwira dzanjalo mpaka linaleka. Kenaka anaika chikhatho pakati pa mapewa anga n'kukanikiza pang'ono.

"Usandionetse ukalamba, mwanangu. Senza ichi basi."

Anandikweza chibwano ndi chala chimodzi, akuti mfumu siyenda ikuwerenga zala zake zakuphazi. Ndodonso anati ndiitsamire zenizeni, moti wina ataichotsa ndigwe, ngakhale kuti m'manja munalibe kanthu.

Tayesani nokha mukamaliza kuwerenga. Pindani mawondo, weramani, mutu osaugwetsa, ndiye muwoloke chipinda chanu mochedwa kwambiri mmene mungathere, osaima ngakhale kamodzi. Ntchafu zimayamba kuyaka. Mpweya umafupika wokha, osati woyeserera uja. Kunjenjemera kumabweradi, koma tsopano ukulimbana nako kuti kusaoneke, ndipo kulimbanako ndiko woonera amaona. Mkati mwa guleyu muli pomwe Oxalufã amatsika ngati mphamvu zamuthera, n'kudzukanso pang'onopang'ono. Woimba rum ankandidikira pansi pomwepo, ndipo sankandidzutsa msanga. Ankandisiya ndimve kutalika kwa ulendo wobwerera m'mwamba. Pa kutsika kwina mawondo anakana, ndinangopezeka ndakhala pamatabwa, thukuta lili kamukamu. Palibe anaseka. Mzere unangondilambalala n'kupitirira.

Ndili pansipo ndinakumbukira agogo anga aakazi pa maliro ena kumudzi, akudzuka pamphasa. Mdzukulu anawatambasulira dzanja, iwo n'kulikankha. Anatenga nthawi yawo, dzanja pabondo, nkhope gwa, ndipo ataima anakonza chitenje ngati palibe chachitika. Nkhalamba yeniyeni imabisa kufooka. Ife pansanja timakuika poyera kuti tigule nako phwete, ndipo tikatero munthu uja amasowa, pamangotsala choko ndi ndodo.

## Amene anautengera pansanja

Magule awa sanalowe okha m'makalasi. Aphunzitsi a ku Bahia amakonda kutchula amene anawaphunzitsa asanayambe ntchito, ndipo mayina ena amabwerabwera.

Mercedes Baptista analowa gulu la ovina la Theatro Municipal ku Rio de Janeiro mu 1948, mkazi wakuda woyamba kutero, koma magawo ankamumana. Anagwirizana ndi Teatro Experimental do Negro, gulu la zisudzo lomwe Abdias do Nascimento anayambitsa mu 1944 atatopa kuona azungu akudzipaka zakuda kumaso kuti asewere magawo a anthu akuda. Mercedes anakaphunzira kwa Katherine Dunham, wovina wakuda wotchuka wa ku America, ku New York, ndipo atabwerera anayambitsa gulu lake mu 1953. Ankapita kukaonera miyambo kwa mtsogoleri wotchuka wa Candomblé, Joãozinho da Goméia, n'kumaphwanya zomwe waona kukhala masitepe oti munthu angaphunzitse m'kalasi.

Ku Salvador dzina lalikulu ndi Mestre King, Raimundo Bispo dos Santos, mwamuna woyamba kumaliza maphunziro a gule pa yunivesite ya boma ya Bahia, yomwe sukulu yake ya gule inatsegulidwa mu 1956. Ovina ambiri a mumzindawu anadutsa m'manja mwake asanamwalire mu 2018. Lero Balé Folclórico da Bahia, gulu lomwe linayamba mu 1988, limaonetsa magule a ma orixá m'kanyumba ka zisudzo ka Miguel Santana ku Pelourinho komweko. Zebrinha, amene amatsogolera ovina a gululi, ndiyenso wakhala akusula matupi a anyamata ndi atsikana a Bando de Teatro Olodum, gulu la zisudzo la anthu akuda lomwe linayamba mu 1990, komwe kunachokera Lázaro Ramos, katswiri wotchuka wa mafilimu ku Brazil.

Koma amene amandikhudza kwambiri monga wa zisudzo ndi Augusto Omolú. Anakulira m'Candomblé, anali ogã, kutanthauza mwamuna wa udindo m'nyumba ya chipembedzo amene mzimu sumugwira. Mu 1994 anayamba kugwira ntchito ndi Eugenio Barba, Mtaliyana yemwe ankatsogolera gulu la zisudzo la Odin Teatret ku Holstebro m'dziko la Denmark, amene wakhala moyo wake wonse akufufuza chimene chimachititsa kuti thupi la munthu pansanja likoke maso asanayankhule. Awiriwa anapanga sewero la Orô de Otelo, momwe Omolú yekha ankasewera Othello, Desdemona ndi Iago a Shakespeare pogwiritsa ntchito magule a ma orixá, nyimbo za Verdi, wopeka nyimbo wa ku Italy, zikulimbana ndi ng'oma. Munthu mmodzi, zovala zomwezo, koma kungosuntha pomwe pagona kulemera kwa thupi, mkazi wofatsa wasanduka msilikali wansanje. Omolú anaphedwa kunyumba kwake ku Bahia mu 2013.

## Usiku wa ku terreiro

Mmodzi wa oimba ng'oma aja anatiitanira ku mwambo wapoyera ku terreiro ya kwawo, nyumba yomwe a Candomblé amapembedzeramo, kunja kwa mzinda. Anatichenjezeratu: zovala zowala, zakuda ayi, makabudula ayi, foni m'thumba. Mkati munali masamba omwazidwa pansi, timbendera toyera tapepala kudenga, amuna mbali iyi, akazi mbali inayo.

Ndinkayembekezera zomwe tinkachita m'kalasi, manja m'mwamba, kudumpha, kuzungulira. Zomwe ndinaona ndi amayi a masiketi otambalala ndi mikanda m'khosi akuyenda mozungulira mosemphana ndi wotchi, akuluakulu patsogolo, ang'onoang'ono pambuyo. Bwalo limeneli amalitcha xirê, limalonjera ma orixá mmodzimmodzi mpaka kukathera kwa Oxalá. Kavinidwe kake n'kakang'ono kwambiri. Mayi wina wokalamba ankavina Ogum ndi zikhatho zokha, pafupi ndi mimba, mapazi akungosunthira pang'ono. Koma lupanga linalipo. Zonse zomwe ife tinkatambasula mikono mpaka kudenga kuti tizipeze, iwo anazipinda n'kuziika m'dzanja ndi m'phewa.

Usiku utapita, mayi wina wachitsikana anadzandira, n'kuchita ngati wapunthwa, mapewa akunthunthumira. Nthawi yomweyo ekedi anafika. Ekedi ndi mkazi amene mzimu sumugwira, ntchito yake ndi kusamalira ogwidwawo. Anamuvula nsapato ndi magalasi, n'kumumanga nsalu pachifuwa, n'kumamupukuta thukuta. Anamutulutsa, ndipo pobwerera anali atavala zonse za orixá wake, maso otseka, akuvina patsogolo pa ng'oma. Anthu ankatukula zikhatho akamadutsa. Kenaka kunabwera chakudya, tonse tinadya.

Pobwerera ndinafunsa woimba ng'oma uja ngati zotere sizingachitike m'kalasi. Anaseka. Anati ng'oma za m'kalasi ndi ng'oma wamba, za ku terreiro zinapatulidwa ndipo zimapatsidwa nsembe. Anatinso pali nyimbo ndi kaimbidwe koitanira komwe iye sangaimbe pakati pa anthu olipira fizi, ngakhale mphunzitsi atamupempha. Mpanda ulipo, ndipo amene amausunga kwenikweni ndi iwo a pakona aja.

Apa pali kusamvana komwe ndimakumana nako kawirikawiri, makamaka kwa anzanga opemphera. Wa zisudzo wophunzira magule awa safuna kugwidwa ndi mzimu. Ntchito yake ndi yosemphana ndi imeneyo: ayenera kukhala maso, kudziwa pomwe pali nyali, pomwe pali mnzake, ndi kubwereza mawa chimodzimodzi. Chomwe amabwereka ndi nzeru za mibadwo yambiri zokhudza mmene ukali, chifundo, uchembere kapena ulemu zimakhalira m'msana ndi m'mapazi.

## Ngongole

Komabe kubwereka ndi kubwereka. Brazil inalandira akapolo a ku Africa oposa 4 miliyoni, ndipo inathetsa ukapolo mu 1888, mochedwa kuposa mayiko onse a ku America. Ukapolo utatha, apolisi anapitiriza kuthyola ma terreiro n'kulanda ng'oma. Ku Bahia, mpaka mu 1976, terreiro inkayenera kupempha chilolezo kupolisi isanaimbe ng'oma. Ngakhale lero nyumba zina zimagendedwa ndi kuotchedwa ndi anthu ozitcha za ziwanda. Tsiku la 21 Januwale, lomwe Brazil imakumbukira kulimbana ndi tsankho la zipembedzo, linasankhidwa chifukwa ndi tsiku lomwe Mãe Gilda, mtsogoleri wa terreiro ya ku Itapuã mu Salvador, anamwalira mu 2000 atazunzidwa chifukwa cha chipembedzo chake.

Ndiye zimandiwawa ndikaona munthu wakhala ku Salvador kanthawi kochepa, wabwerera kwawo, wachotsa mayina a ma orixá, wazitcha "mphamvu ya moto" ndi "mphamvu ya madzi", n'kumalipiritsa ndalama zoti woimba rum sadzazigwirapo. Amati akuchotsa zachipembedzo kuti aliyense amasuke. Ine ndimaona kuti akuchotsa mwini. Komanso akudzimana okha, chifukwa popanda nthano ya hatchi ndi ndende ija, gule wa Oxalufã amangokhala kulimbitsa ntchafu.

## Zomwe ndinabwera nazo

Masitepe ambiri ndinaiwala. Zatsala ndi zinthu zomwe ndimachita tikamakonzekera sewero.

Mapepala a mawu sindigawa tsiku loyamba. Ndimayamba ndafunsa aliyense kuti munthu amene akumusewerayo chinamuchitikira n'chiyani asanalowe pansanja, ndipo chinakakhala pati m'thupi. Mtsikana wina ankasewera mayi wamasiye wolandidwa munda ndi achibale a mwamuna wake. Ankalira mokweza, manja kumutu, monga timaonera m'masewero ambiri. Ndinamuletsa kulira, n'kumuuza kuti awoloke chipinda atasenza mtolo wosaoneka wa nkhuni, pamaso pa alamu ake, osafuna kuti aone kuti ukumulemera. Anawoloka kangapo. Pomwe anadzatsegula pakamwa, mawu anatuluka otsika, ouma, ndipo mnyamata wosewera mlamuyo anabwerera m'mbuyo popanda womuuza.

Chinanso, ndimalimbikira kuti pokonzekera pakhale woimba ng'oma weniweni, ngakhale seweroli lilibe gule. Nkhani imeneyi imadzetsa mkangano nthawi zonse ndi wosunga chuma wa gulu lathu, amene amati foni ndi sipika n'zokwanira. Foni siyang'ana mapazi a munthu.

Posachedwapa okonza maphunziro ena a achinyamata anandipempha kuti ndikaphunzitse "magule a ku Brazil aja". Ndinawauza kuti zomwe ndingaphunzitse ndi mafunso omwe ndinafunsidwa kumeneko, koma magule enieniwo ayi. Ngati akuwafunadi, apeze ndalama aitanitse mphunzitsi wa ku Bahia. Anafunsa kuti tikiti imodzi ingakwane zingati. Ndinati awerengere ziwiri, chifukwa mphunzitsiyo sabwera popanda woimba rum wake.